Shelefu yanga ya m'katoni itachita mimba

Ndinazindikira kuti zinthu zavuta tsiku limene ndinafuna kusolola buku la masamu la Fomu 4 pa thabwa lachiwiri kuchokera pansi, buku n'kukana. Ndinakoka, osasuntha. Poyamba ndinaganiza kuti ana atayirapo phala n'kuumira pomwepo, koma nditagwada n'kusuzumira ndinaona kuti thabwa la pamwamba pake lawerama pakati mpaka lakhala pamutu pa bukulo. Mayi a kunyumba anali pomwepo, chikolopa chili m'manja.

"Mwaona lero? Ine ndinanena kalekale kuti shelefu yanuyi yachita mimba, inu n'kumati ndi maso anga."

Zoona anali atanena, ndipo zoona ndinawayankha choncho. Chochititsa manyazi n'chakuti ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale, ndipo zonse zimene zinachitikira shelefu imeneyi ndikanatha kuziwerengera papepala ndisanatulutse ndalama m'thumba.

Ndinaigula m'sitolo ina m'tauni muno mu Blantyre, ija yobwera m'katoni yafulati, yoti ukamange wekha kunyumba. Yachitsanzo imene anaimika pakhomo inkaoneka bwino kwabasi, yabulauni, yosalala, mizere yake ngati ya mlombwa. Mtengo wake sunkafika ngakhale theka la ndalama imene kalipentala anandiuza kuti angandipangire yamatabwa enieni. Kutalika kwake kunali masentimita 180, m'lifupi 90, matabwa oikapo mabuku asanu. Mu minibasi kondakitala anandilipiritsa mpando wa katoniyo, ine osadandaula. Madzulo omwewo ndinaimanga ndekha, mothamanga, magetsi asanazime. M'kathumba munali masikuluwu, timitengo tozungulira tolowetsa m'mabowo, kakiyi kokhota kaja, ndi timisomali tambirimbiri tokhomera chikuto chakumbuyo. Timisomalito ndinakhoma tisanu ndi titatu tokha, m'makona ndi pakati, totsalato n'kuponya m'chitini cha mabatani. Ndinaikankhira kukhoma mpaka kugunda, n'kuyamba kulongedza: mabuku a kukoleji, madikishonale, mabaibulo awiri, mafayilo a mayeso akale a MANEB, ndipo pamwamba pa mabuku oimirirawo ndinagonekanso ena chifukwa malo analipo.

Mvula yoyamba inadutsa bwinobwino. Itatha yachiwiri, mimba ija inayamba kuoneka. Pofika yachitatu matabwa atatu anali atapindika ngati uta, shelefu yonse itapendekera kumanzere, ndipo m'munsi mwa matabwa awiri a m'mbali munali mutafufuma ngati buledi wogwera m'tiyi. Ukagwirapo, tizidutswa tinkayoyoka m'manja.

Ndinatenga thabwa limodzi n'kupita nalo ku Ndirande, kwa bambo ena achikulire amene amapala matabwa kumeneko. Ndinkafuna andiwongolere. Anatenga thabwalo, kulitembenuza kawiri, kenako anakanda m'mphepete ndi chikhadabo n'kundionetsa zimene zinatsalira pachala.

"Aphunzitsi, ichi mukuchitcha thabwa?"

"Nanga n'chiyani, bambo?"

"Ndi utuchi uwu. Utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kuupanikiza pamakina, kenako n'kuuveka pepala lojambulapo mtengo. Thabwa lenileni lili ndi mitsempha yoyenda kuchokera uko mpaka uko, ndiyo imanyamula katundu. Ichi chilibe. Mukachisenzetsa chimagonja pang'onopang'ono, ndipo chikamwa madzi sichibwereranso."

Dzina lake ndi chipboard. Mashelefu ambiri otchipa a m'katoni amapangidwa ndi imeneyi, ena ndi MDF, yomwe utuchi wake ndi wosalala ngati ufa woyera, yolemera kwambiri koma yopindika ndi kufufuma chimodzimodzi. Bambowo anandiuza mosabisa kuti lofufumalo ndiliiwale. Koma sananyoze shelefu ya m'katoni ayi. Anati anthu ambiri amawabweretsera zoterezi zitafa kale, pomwe akanabwera tsiku logula bwenzi ntchito yake ili yochepa. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinali nditalidya ndithu.

Nditabwerera kunyumba ndinabwereka sikelo yokoleka kwa mayi oyandikana nawo amene amagulitsa nyemba. Ndinatsitsa zonse zimene zinali pa thabwa lopindika kwambiri, kuika m'thumba, n'kukoleka. Makilogalamu 28. Sindinakhulupirire, ndinayezanso. Pepala limanyenga chifukwa tsamba limodzi silimveka m'manja. Koma rimu imodzi ya mapepala a A4, ija ya mapepala 500, imalemera makilogalamu awiri ndi theka, ndiye tangoganizani mafayilo a mayeso a zaka khumi. Ine ndinali nditasenzetsa thabwa la mamilimita 15 katundu woposa theka la thumba la chimanga, n'kulisiya choncho usana ndi usiku zaka zitatu. Ngakhale shelefu yotchuka ya kampani ya mipando ya IKEA yotchedwa Billy, imene abale athu a ku Britain amaidziwa ndipo yakhala ikugulitsidwa kuyambira 1979, eni ake amalemba kuti thabwa la masentimita 80 lisapitirire makilogalamu 30. Yanga inali yotambalala kuposa pamenepo, thabwa lake lopyapyala.

Apa mundilole ndikhale mphunzitsi pang'ono, chifukwa pamene pagona nkhani ndi pomwepa. Thabwa logwiridwa kunsonga ziwiri, lodzaza mabuku kuchokera uku mpaka uku, kuwerama kwake sikukula mofanana ndi kutalika kwake. Mukatalikitsa kawiri mpata wa pakati pa zogwirira, kuwerama sikuchuluka kawiri koma ka 16, ndiye kuti 2 × 2 × 2 × 2. Mukatembenuza nkhaniyo ndi pamene pali chimwemwe: mukaika chochirikiza pakati, mpata wa masentimita 90 n'kukhala mipata iwiri ya 45, kuwerama kumatsika kwambiri moti diso silingaone. Kukhuthala nakonso kuli ndi lamulo lake. Thabwa lokhuthala kawiri limakana kupindika ka 8. Koma chenjerani, kungosanjikiza matabwa awiri osawamata kumangopereka mphamvu ziwiri basi, chifukwa lililonse limatsetsereka pa linzake. Akamatidwa ndi guluu ponseponse ndi pamene amakhala thupi limodzi.

Tengani rula yapulasitiki ya mwana wanu. Mukaigoneka chafulati n'kuidina pakati, imapindika ndi chala chimodzi. Iimikeni cham'mbali, m'mphepete muli m'mwamba, ndiye muyese kuipinda. Mutuluka thukuta. Rula ndi yomweyo, chasintha ndi kaimikidwe. Nzeru yonse yolimbitsa shelefu yotchipa yagona pa rula imeneyi.

Chinthu china chimene sindinkachidziwa n'chakuti chipboard imapitiriza kuwerama ngakhale katundu asawonjezeke. Tsiku loyamba imatsika pang'ono kwambiri, ukachotsa mabuku imabwerera. Ikakhala miyezi, kutsikako kumakhazikika, ndipo kumafulumira nyengo ikamasinthasintha pakati pa chinyezi ndi kuuma. Ndiye taganizani za kwathu kuno. Kuyambira Novembala mpaka Epulo m'nyumba mumakhala chinyezi moti mchere umalira m'botolo. Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi nkhungu yake. Kenako Okutobala amaumitsa chilichonse mpaka zitseko zimene zinkakana kutseka zimayamba kugwedera. Chaka chilichonse thabwa lija limamwa n'kulavula, kumwa n'kulavula, katundu ali pamsana. N'chifukwa chake munthu amaona ngati shelefu yawonongeka mwadzidzidzi, pomwe yakhala ikupita kuyambira tsiku loyamba.

Patapita miyezi ingapo ndinagulanso ina, yamtundu womwewo. Mayi a kunyumba anangondiyang'ana osanena kanthu, ndipo kusanenako kunali kolemera kuposa mawu. Koma ndalama ya shelefu ya mlombwa panalibe, ndipo ndinkafuna ndione ngati zimene bambo aja ananena zinali zoona. Ulendo uno sindinaimange tsiku lomwelo. Inanditengera masiku atatu.

Tsiku loyamba ndinangoyala zidutswa zonse pakhonde n'kuyang'ana paliponse pamene utuchi ukuonekera. Mudzadabwa malo ake kuchuluka. Opanga amaveka pepala kapena pulasitiki kumene maso amaona kokha: pamwamba, pansi ndi m'mphepete mwa kutsogolo. Kunsonga za matabwa, m'mphepete mwa kumbuyo, makamaka pansi penipeni pa matabwa a m'mbali amene amaponda simenti, amangosiya pambalambanda. Apo ndiye pakamwa pomwera madzi. Ndinagula kachitini kakang'ono ka vanishi n'kupaka malo onsewa. Ulendo woyamba utuchi unamwa zonse ngati mchenga wa m'chilimwe, pamwamba osaoneka kuti papakidwa kanthu. Ndinadikira kuti paume, kupakanso, kudikira, kupakanso kachitatu mpaka panayamba kunyezimira. Penti yamafuta yotsala m'chitini imagwiranso ntchito yomweyi. Musapake mothira m'mabowo olowa timitengo ndi masikuluwu, mungadzavutike pomanga.

Tsiku lachiwiri ndinapita kogulitsa matabwa kukafuna timapulanga ta paini, tokhuthala mamilimita 20, totambalala 45. Apa pali msampha wina. Matabwa ambiri a pamsika amakhala ongochekedwa kumene, akadali ndi madzi, ndipo mukakhoma laliwisi pansi pa shelefu, likamauma limapotoka n'kukokera shelefuyo komwe likupita. Bambo a ku Ndirande aja anandiphunzitsa kusankha: nyamula awiri ofanana, lopepukalo ndilo louma, kenako ika nsonga imodzi pafupi ndi diso n'kuyang'ana motsatira m'mphepete ngati ukulozera legeni, ukaona kukhota usiye. Iwo eni ndi amene anandidulira ndi kundipalira, kamodzi pa thabwa lililonse, kutalika kofanana ndi thabwalo kuchotsapo pang'ono kuti kasagunde tizitsulo togwirira kunsonga.

Kapulanga aka kamakhala pansi pa thabwa, kataimirira cham'mbali ngati rula ija, osati chogona. Ndinapaka guluu wamatabwa woyera uja m'mphepete monse, kukakhazika, n'kumanga ndi masikuluwu anayi ochokera pamwamba pa thabwa kulowa mu paini. Njira imeneyi ndiyo yabwino chifukwa mano a sikuluwu amakaluma mtengo weniweni, osati utuchi. Boolani kabowo kaye musanalowetse. Ena amakaika kutsogolo kuti shelefu izioneka ngati yamatabwa okhuthala, ndipo zimakongoladi mukakapaka mtundu wofanana. Ine ndinakaika masentimita angapo kulowera mkati kuti kasamaoneke kwambiri komanso kasamakole mabuku ataliatali potulutsa. Ndinawerengera pambuyo pake mwachidwi chabe, n'kupeza kuti kapulanga kamodziko kamakana kupindika kuposa thabwa lonse la chipboard limene kakulinyamula.

Pa matabwa awiri a m'munsi, amene ndinakonzera mafayilo ndi madikishonale, ndinawonjeza chochirikiza pakati: kachidutswa ka thabwa koimirira, kodula bwino kuti kalowe mothina pakati pa thabwa la pansi ndi la pamwamba pake. Pakati pa mabuku kamangooneka ngati buku lina. Koma pali lamulo: zochirikizazi ziyambire pansi penipeni n'kumakwera, chilichonse pamwamba pa chinzake mzere umodzi. Mukaika chochirikiza pa thabwa lachitatu pomwe pansi pake palibe kanthu, mwangosamutsa katundu yense kumuunjika pakatikati pa thabwa lachitatulo, ndipo ilo lidzapindika msanga kuposa kale. Thabwa la pansi penipeni nalonso liikireni kachipika kunsi kwake, pakati, kuti katundu akafike pa simenti.

Tsiku lachitatu ndiye linali lomanga. Timitengo tozungulira tija ndinatipaka guluu pang'ono, ngakhale pepala la malangizo silinanene. Dziwani kuti mukatero simudzaimasulanso, choncho ngati mumasamukasamuka nyumba za lendi ndipo zitseko zake n'zopapatiza, ganizani kaye. Masikuluwu ndinamanga ndi dzanja, n'kusiya pomwe ayamba kulimba. Pa shelefu yoyamba ndinkapotokola mpaka mkono kuwawa poganiza kuti ndikulimbitsa, pomwe ndinkapera utuchi wa m'bowo kukhala fumbi, sikuluwu n'kumangozungulira osagwira. Zikakuchitikirani, lowetsani timitengo ta machesi topaka guluu m'bowomo, mudikire mpaka mawa, mumangenso.

Tsopano chikuto chakumbuyo chija, chimene ndinachinyoza ulendo woyamba. Kachinthu kopyapyala, mamilimita atatu, kamene munthu umaganiza kuti ntchito yake n'kuletsa mabuku kugwera kuseri. Ayi ndithu. Ndi chimene chimagwira shelefu yonse kuti isapendeke. Bokosi la matabwa anayi lopanda msana limagwedera ngati khola la nkhunda lomangidwa ndi ana. Ndisanakhome msomali ndi umodzi womwe, ndinagoneka shelefu chafufumimba, n'kutenga tepi kuyeza kuchokera pakona ya kumtunda kumanzere kufika pakona ya kumunsi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyi ikafanana, makona onse ali bwino. Yanga inasiyana ndi sentimita imodzi ndi theka. Ndinakankha pang'ono pakona yotalikayo, mwana wanga wamkulu atagwira mbali ina, mpaka zinafanana. Mukakhoma musanayeze, mwakhomerera kupendekako mpaka kalekale.

Chikuto cha m'katonicho sindinachigwiritse ntchito n'komwe. Ndinagula plywood ya mamilimita 6, kalipentala n'kundidulira muyeso wake. Ndinakhoma msomali pa masentimita 10 kapena 15 aliwonse kuzungulira konse, kenako ndinajambula mizere ndi pensulo pomwe padutsa matabwa osasunthika, n'kukhomanso motsatira mizereyo. Izi zimapatsa thabwa chogwirira chachitatu: kumanzere, kumanja ndi kumbuyo konse. Amene alibe ndalama ya plywood, chikuto chomwecho n'chokwanira bola mukhome timisomali tonse timene mwapatsidwa ndipo muwonjezepo ena.

Pa nkhani ya madzi a pansi ndinalakwitsanso kamodzi, ndipo ndikuuzeni kuti musabwereze. Pofuna kuikweza kuti chikolopa chisaikhudze, ndinaikhazika pa njerwa zinayi. Patatha milungu itatu ndinagwira njerwa imodzi m'mawa, inali yozizira, yonyowa mpaka pamwamba. Njerwa yootcha imamwa madzi n'kuwakweza ngati chingwe cha koloboyi chimakwezera parafini. Ndikanapanda kupaka vanishi uja bwenzi nditabwerera pomwe ndinayambira. Ndinachotsa njerwazo n'kuika zidutswa za tayala lakutha, zodula kwa anyamata opanga nsapato za matayala, zosanjikiza ziwiriziwiri mpaka zinakwana ngati masentimita atatu. Matailosi otsala pomanga kapena timiyendo tapulasitiki ta m'hadiweya zimathandizanso. Chofunika n'chakuti chikhale chinthu chosamwa madzi.

Pansi pa nyumba zathu zambiri si pofanana. Pabalaza pathu simenti imatsetsereka pang'ono kulowera kukhomo, ndipo n'chifukwa china chimene shelefu yoyamba inapendekera. Ndinalibe levulo, ndiye ndinathira madzi m'botolo lagalasi lafulati, kusiya kampweya, n'kuligoneka pa thabwa. Mbali yotsika ndinawonjeza kachidutswa kopyapyala ka labala mpaka kampweyako kanakhala pakati.

Malo oikapo ndinasinthanso. Yoyamba inali pakhoma lakunja, limene mvula imaombapo, ndipo nditaichotsa ndinapeza kuseri kwake kuli nkhungu yakuda, penti ya khoma itatukusira. Yachiwiri ndinaiika pakhoma lamkati, logawa balaza ndi chipinda, kutali ndi bafa komanso pomwe dzuwa la pawindo silifika, chifukwa dzuwa limaumitsa mbali imodzi ndi kumatula pepala lija. Ndinasiya mpata wolowa zala zitatu pakati pa shelefu ndi khoma kuti mphepo izidutsa. Mpatawu umathandizanso kuona chiswe msanga. Musamve za anthu oti chiswe sichidya chipboard chifukwa cha guluu. Ngakhale chitaisiya, chimangodutsa kupita ku mabuku, omwe kwa icho ndi nsima ya nyama.

Shelefu yaitali yoima motalikirana ndi khoma ingagwe mwana akakwerapo, ndipo kwathu wokwera alipo. Ndinapempha a landilodi kuti ndiboole mabowo awiri. Anayamba akana.

"Aphunzitsi, khoma limenelo ndinapaka penti ndi ndalama zambiri."

"Ndikumva, bambo. Tsiku lotuluka ndidzatseka ndekha ndi kupakanso. Koma shelefuyi ikagwera mdzukulu wanu uja amabwera kudzasewera kuno, tidzati chiyani?"

Analola. Ndinamanga kachipika ka paini kukhoma, kokhuthala mofanana ndi mpata uja, kenako mabulaketi awiri achitsulo okhota ngati chilembo cha L kuchoka pa kachipikako kugwira pamwamba pa shelefu. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale uigwedeze siyankha.

Kalongedzedwe kanasintha. Zolemera zonse zinatsikira pansi: mafayilo, madikishonale, mabuku a zikuto zolimba. Zopepuka zinakwera. Pa thabwa lililonse mabuku akuluakulu ndimawaika kunsonga, pafupi ndi zogwirira, pakati n'kuikapo timabuku topyapyala kapena chithunzi cha ukwati, chifukwa kilogalamu imodzi ya pakati imapinda thabwa kuposa kilogalamu yomweyo ili kumphepete. Khalidwe logoneka mabuku ena pamwamba pa oimirira ndinalisiya, ngakhale limabwerabe nthawi yolemba mayeso. Ndipo mapepala a ana asukulu a zaka zapitazo ndinawachotsa onse n'kuika m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Kunena zoona theka lake linali loyenera kuyatsira mbaula kalekale.

Mayeso enieni anabwera mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa. Sindingayerekeze n'komwe kuika nkhani ya shelefu pambali pa zimene zinachitikira anzathu a ku Chilobwe ndi madera ena, amene anataya abale ndi nyumba. Ife tinali ndi mwayi, madzi anangolowera pansi pa chitseko n'kuyala pabalaza, osafika n'chala chimodzi chomwe kuya kwake, koma anakhala usiku wonse ndipo m'nyumba simunaume kwa masiku ambiri. Kathebulo koikapo TV, ka chipboard komweko koma kosakonza, miyendo yake inafufuma n'kung'ambika pepala, moti tinadzakataya. Shelefu inaima pa matayala ake, madzi akudutsa kunsi. Nditaunika ndi tochi m'munsi mwake, munali mouma.

Masiku ano ndimaiyendera kawiri pachaka, mvula ikatha mu Meyi komanso mu Okutobala isanayambe ina. Ndimatenga ulusi, kuukoka kuchokera kunsonga ina ya thabwa kufika kwina, n'kuona mpata umene watsala pakati. Diso lokha limanama, makamaka diso la mwini shelefu. Ulendo wapitawu mpata waukulu unali wongolowa ndalama yachitsulo imodzi. Ndimalimbitsanso masikuluwu amene akhwefuka, pang'ono chabe, ndi kuunika kuseri ngati kuli tinjira ta chiswe.

Kwa amene muli nayo kale shelefu ndipo yayamba kuwerama, musataye mtima msanga. Ngati thabwa langopindika koma silinafufume, ndipo ndi lija lochotseka lokhala pa tizitsulo, litembenuzeni kuti mimba iyang'ane kumwamba, muikepo mabuku, pakapita milungu lidzatsika kufika pafupi ndi pomwe linali. Likafika pamenepo m'pamene muyenera kulimanga kapulanga kunsi, apo ayi lidzangopitirira kupindikira mbali inayo. Ena amangotembenuza chaka ndi chaka osamanga kanthu. Zimagwira ndithu kwa kanthawi, koma ine ndinaona kuti n'kuchedwetsa chabe. Yang'ananinso mabowo a tizitsulo togwirira, chifukwa nthawi zina thabwa limaoneka lotsika pomwe ndi bowo lakula, kachitsulo n'kuweramira pansi. Apo sunthirani pa bowo lina kapena mangani kapulanga kakafupi kukhoma la shelefu kuti thabwa likhalepo.

Koma likafufuma, likamayoyoka, musataye guluu wanu. Pitani nalo kwa kalipentala akakudulireni lina la muyeso womwewo. Paini wouma ndi wabwino, plywood yokhuthala ndi yabwino, blockboard nayonso, bola muwauze kuti timitengo ta mkati mwake tiyende motsatira kutalika kwa thabwa, osati mopingasa. Akadula mopingasa mwagula vuto lomwe lija pamtengo wokwera. Ndipo posamutsa shelefu, ngakhale kungoisuntha kuti mukolope kuseri, tsitsani mabuku kaye, munyamule anthu awiri. Kuikoka ili ndi katundu kumathyola utuchi wozungulira masikuluwu, ndipo zimenezo sizioneka tsiku lomwelo.

Mitengo sinditchula dala, chifukwa chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene munthu walemba lero umakhala nthabwala mwezi wamawa. Chimene ndinganene n'chakuti vanishi, guluu, timapulanga, plywood, mabulaketi ndi kangachepe ka kalipentala, zonse pamodzi zinandidya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa shelefuyo. Ndikaphatikiza ndi shelefu yoyamba imene inapita padzala, ndimaona kuti yamatabwa enieni ija sinali patali monga ndinkaganizira. Amene muli ndi ndalama m'manja ndipo mukudziwa mmisiri wokhulupirika amene amagwiritsa matabwa ouma, pitani kumeneko, ine sindikukanizani. Mayi a kunyumba amandikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse tikadutsa pa shedi ya bambo aja.

Thabwa limodzi la shelefu yakale, lopindika kwambiri lija, sindinataye. Limakhala kuseri kwa kabati mu stafu, ndipo chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa ma indices, uja wochulukitsa nambala ndi iyo yomwe kangapo, ndimapita nalo m'kalasi. Ndimalikhazika pa madesiki awiri otalikirana, kuunjikapo makope a kalasi yonse, ana n'kuona likumira. Kenako ndimaitana mmodzi kuti alowetse mpando pakati, ndikulemba 2 × 2 × 2 × 2 pabolodi. Chaka chatha mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja.

"Sala, ndiye inuyo pogula simunawerengere?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinamuuza kuti abwere adzafufute bolodi.